Funso Limene Azachipatala Ambiri Amaopa Kufunsa: Mafunso ndi Mayankho pa Zothandiza Munthu Woganiza Zodzipha

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo ambiri mwa iwo ndi a m'mayiko osauka ndi opeza pang'ono. Kuno kwathu malipoti a apolisi amabwereza nkhani imodzimodzi: ambiri ndi abambo, ndipo zotchulidwa kawirikawiri ndi ngongole ndi mikangano ya m'banja. Chimene sichimveka pa wailesi n'chakuti ena mwa anthuwa amakhala atapita kuchipatala masiku ochepa asanamwalire, n'kubwerako osafunsidwa chimene chikuwadya mumtima. Mafunso ali m'munsiwa akukhudza mmene anamwino, madokotala ndi aphungu amaphunzitsidwira kugwira ntchito imeneyi.

Munthu anaphunzira kale udokotala kapena unamwino. Akufunikiranji maphunziro ena pa nkhaniyi?

Kukoleji munthu amatuluka ndi luso loyeza thupi. Amadziwa kumvetsera chifuwa, kuyeza malungo, kusoka bala. Matenda a maganizo amapatsidwa nthawi yochepa, ndipo kukhala pansi ndi munthu n'kukamba naye za imfa yake yomwe ndi luso lina, losabwera lokha.

Mu 2002, Jason Luoma ndi anzake anasanthula kafukufuku 40 wochokera m'mayiko olemera ndipo anapeza kuti pafupifupi anthu 45 mwa 100 alionse amene anadzipha anali ataonana ndi dokotala wamba m'mwezi wawo womaliza. Amene anaonana ndi akatswiri a matenda a maganizo m'mwezi womwewo anali pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse. Ndiye kuti khomo limene munthu wotere amagogoda nthawi zambiri ndi la dokotala wa malungo ndi chimfine.

Taganizirani chipatala chaching'ono Lolemba m'mawa, mzere utafika panja. Walowa bambo wa zaka za m'ma 40. Akuti mutu ukuwawa, tulo sakupeza, nsima sikulowa. Amuyeza malungo, palibe. M'kabuku kake ka kuchipatala muli kale masamba awiri a mwezi womwewu, onse olembedwa panado. Chimene sananene n'chakuti chimanga chinapsa ndi dzuwa, akatapila akumusaka, ndipo akazi ake anapita kwawo ndi ana. Sanena yekha, chifukwa anakula akumva kuti mwamuna salira. Ngati wachipatala safunsa, bamboyu atuluka ndi panado wachitatu.

Kodi kumufunsa munthu ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizo amene analibe?

Ayi. Mantha amenewa ndi amene maphunziro amayamba kuchotsa, chifukwa ali ponseponse, ngakhale mwa anamwino okalambira pa ntchito. Mu 2014 ofufuza a ku King's College London anaunika kafukufuku amene analipo pa funso lomweli, ndipo sanapezemo umboni woti kufunsa kumawonjezera maganizo ofuna kudzipha. Kafukufuku wina anasonyeza kuti kumawachepetsa. N'zomveka. Munthu amene wasenza chinsinsi chotere kwa miyezi, akuopa kutchedwa wamisala kapena wochimwa, amapepukidwa akapeza wina amene watchula chinthucho osanjenjemera.

Nanga funsolo limafunsidwa bwanji?

Apa m'pamene pagona luso lonse, ndipo mphunzitsi wabwino amathera nthawi yaitali pamenepa.

Choyamba ndi malo. Munthu sangaulule zotere chitseko chili chotsegula, odwala ena akusuzumira, apongozi ake atakhala pambali. Wachipatala amapempha gadiyani kuti ayambe wadikira panja, n'kutseka chitseko. Amaika cholembera pansi. Kenako amayambira patali pang'ono: "Bambo, mutu umenewu mwabwera nawo katatu mwezi uno. Kunyumba zikuyenda bwanji?" Akayamba kufotokoza, amamusiya alankhule, osamudula, osathamangira kulangiza. Akamva kukula kwa vutolo amasendera pafupi: "Zimene mwandiuzazi n'zolemera. Anthu ena akapanikizika chonchi amafika poganiza kuti bola kufa. Inu maganizo amenewa anakufikiranipo?" Ndipo akavomera, kapena akangowerama osayankha, funso lenileni limabwera mosazungulira: "Kodi mwaganizapo zodzipha?"

Mawu akuti "kudzipha" ayenera kutchulidwa. Kufunsa kuti "simukuganiza zoipa?" n'kumusiyira munthu mpata wozemba. Kufunsa kuti "simukuganiza zopusa, eti?" n'koipa kuposa kusafunsa, chifukwa mwamuuza kale yankho limene mukufuna, mwamuuzanso kuti mukumuona ngati wopusa.

Akavomera, pali zina zofunika kudziwa. Maganizowa anayamba liti, ndipo amabwera kangati? Wakonza kale njira? Chimene akufuna kugwiritsa ntchito ali nacho pafupi? Wasankha tsiku? Anayesapo kale? Funso lomalizali n'lalikulu, chifukwa munthu amene anayesapo ali pachiopsezo chachikulu kuposa ena. Wachipatala amafunsanso za mowa ndi chamba, za matenda opweteka okhalitsa, za nkhanza kunyumba, ndiponso ngati akumva mawu omulamula. Pomaliza amafunsa chimene chamugwira mpaka lero. Wina amati ndi mwana wake wa Sitandade 8, wina amati ndi mayi ake okalamba, wina amati ndi Mulungu. Yankho limeneli wachipatala amalisunga, chifukwa thandizo lonse lidzamangidwa pamenepo.

Buku la WHO la mhGAP, limene linatuluka mu 2010 n'kukonzedwanso mu 2016 kuti lithandize azachipatala amene si akatswiri a matenda a maganizo, limati aliyense wa zaka zoposa 10 amene ali ndi matenda a maganizo, khunyu, vuto la mowa, ululu wokhalitsa kapena kusweka mtima kwakukulu afunsidwe. Limafuna kudziwa za maganizo kapena mapulani a mwezi wapitawu, ndi za kudzivulaza kulikonse m'chaka chapitachi.

Ophunzira amazolowetsedwanso kutchera khutu ku mawu amene anthu amaponya ngati akungodandaula: "ndatopa nawo moyo uno," "mudzandionere anawa," "posachedwa mupuma nane." Pali kugawa katundu popanda chifukwa, kutsanzikana ndi abale mwachilendo, komanso bata ladzidzidzi mwa munthu amene wakhala akuvutika kwa nthawi yaitali. Abale amasangalala kuti wachira, pamene mwina wangomaliza kusankha.

Kodi palibe fomu yoti ingoonetsa amene ali pachiopsezo chachikulu?

Mafomu alipo. Yodziwika kwambiri ndi Columbia Suicide Severity Rating Scale, yokonzedwa ndi Kelly Posner ndi anzake ku America. Imathandiza wachipatala kuti asaiwale mafunso ofunika komanso kuti afunse m'ndondomeko yake. Koma palibe fomu imene imalosera. Mu 2017 Joseph Franklin ndi anzake anaphatikiza kafukufuku 365 wa zaka 50, ndipo anapeza kuti zizindikiro zonse zodziwika zimalosera za kudzipha mongoposa pang'ono kungoganizira mwamwayi. Mu 2022 bungwe la NICE, limene limalemba malangizo a zachipatala ku England, linauza azachipatala kuti asagwiritse ntchito mafomu polosera za kudzipha, ndiponso asagawe anthu m'magulu a chiopsezo chochepa, chapakati ndi chachikulu posankha woti athandizidwe ndi woti abwerere kwawo.

Ine ndikuona kuti mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri kwa ife, chifukwa timakonda mafomu. Fomu ikadzazidwa n'kuikidwa m'faelo, aliyense amamva ngati ntchito yatha. Munthu wolembedwa kuti chiopsezo chake n'chochepa masana akhoza kulandira foni ya angongole madzulo, n'kumwa mowa usiku, zinthu n'kusinthiratu. Wachipatala wophunzitsidwa bwino sataya nthawi kuyesa kudziwa za mawa. Amafunsa kuti munthuyu chamufikitsa apa n'chiyani, chingawonjezere moto n'chiyani masiku akubwerawa, ndipo tingachitepo chiyani lero asanatuluke pakhomo.

Munthu wavomera kuti akuganiza zodzipha. Kenako?

Ngati wadzivulaza kale kapena wamwa chinthu choopsa, kupulumutsa thupi kumayamba. Koma asatulutsidwe m'wodi asanakambirane ndi wina za chimene chinamufikitsa pamenepo, ndipo asanyozedwe. Mawu ngati "mwatitayitsa nthawi, pali odwala enieni" amatseka pakamwa pa munthu mpaka kalekale.

Ngati ali ndi pulani, chida chili pafupi ndipo akufuna kuchita posachedwa, sasiyidwa yekha ngakhale pang'ono. Amaikidwa pamalo otetezeka, m'bale wodalirika amaitanidwa, ndipo namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo wa pachipatala cha boma amadziwitsidwa. Ena amafunika kugonekedwa ku Zomba Mental Hospital kapena ku Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Koma si aliyense wonena kuti akuganiza zodzipha amene ayenera kukwezedwa ambulansi ya ku Zomba. Anthu akadziwa kuti kuulula kumathera kumeneko, adzasiya kuulula.

Ambiri amathandizidwa pamalo pomwepo ndi pulani yodzitetezera, njira imene Barbara Stanley ndi Gregory Brown anaifotokoza mu 2012. Wachipatala ndi wodwala amalembera limodzi, m'mawu a wodwalayo, papepala loti apite nalo. Amalemba zimene zimamuchenjeza kuti mdima uja ukubwera, mwina kusowa tulo masiku awiri kapena kuyamba kudzitsekera m'nyumba. Amalemba zimene angachite payekha kuti nthawi yoipayo idutse, monga kupita kudimba, kumvetsera wailesi, kuimba nyimbo za kutchalitchi. Amalemba malo ndi anthu amene angamuchotse maganizo popanda kufotokoza chilichonse, kaya pabawo, kaya kumpira. Kenako amalemba mayina a anthu amene angawauze zoona zake, ndi nambala zawo, ndiponso chipatala chimene angathamangireko usiku. Chomaliza n'kuchotsa pakhomo zinthu zimene angadzivulaze nazo. Kafukufuku wa mu 2018 m'zipatala za asilikali opuma ku America anapeza kuti amene analandira pulani yotere, n'kumaimbiridwanso foni pambuyo pake, anachepetsa mchitidwe wofuna kudzipha ndi 45 peresenti m'miyezi 6 poyerekeza ndi amene anathandizidwa mwa masiku onse.

Chimene ophunzira amaletsedwa n'kulumbiritsa wodwala kuti "lonjezani kuti simudzipha." Palibe umboni woti lonjezo lotere limateteza munthu. Limangotonthoza wachipatala, wodwala n'kutsala wopanda chochita usiku ukafika.

N'chifukwa chiyani nkhani yochotsa zinthu zoopsa pakhomo imanenedwa kwambiri? Wofuna kufa sangapeze njira ina?

Ambiri sapeza, chifukwa nthawi imene munthu amafika pachimake imakhala yaifupi, mwina mphindi, mwina maola ochepa. Ikadutsa ali moyo, ambiri sadzafa modzipha. WHO imati pafupifupi imfa imodzi mwa zisanu zilizonse zodzipha padziko imachitika ndi mankhwala ophera tizilombo m'munda, makamaka m'madera a alimi. Dziko la Sri Lanka linaletsa mankhwala oopsa kwambiri a mtunduwu, ndipo pakati pa 1995 ndi 2015 chiwerengero cha odzipha chinatsika ndi pafupifupi 70 peresenti. Ofufuza amati miyoyo pafupifupi 93,000 inapulumuka, ulimi osagwa.

Kwathu kuno mankhwala a mbewu amasungidwa pansi pa bedi, pawindo, kuseri kwa chitseko. Choncho wachipatala amauza m'bale mosabisa: "Mayi, mankhwala onse a kumunda ndi a m'nkhokwe muwachotse m'nyumba, akasungidwe kwa achimwene awo, mpaka tidzaonanenso." Chimodzimodzi mapilitsi. Mankhwala ena othandiza matenda okhumudwa ndi oopsa akamwedwa ambiri, ndiye wodwala wotere amapatsidwa a masiku ochepa okha, ndipo wosunga amakhala gadiyani.

Akatuluka m'chipatala, ntchito yatha?

Apa ndiye m'pamene ikuyamba, chifukwa milungu yoyambirira munthu atatuluka ndi imene imakhala yoopsa kwambiri. Dokotala wina wa ku San Francisco, Jerome Motto, anatsatira anthu 843 amene anakana kupitiriza chithandizo atatulutsidwa m'chipatala. Pafupifupi theka la iwo ankawatumizira makalata afupiafupi owafunira zabwino, osawakakamiza chilichonse. M'zaka ziwiri zoyamba, odzipha anali ochepa pakati pa olandira makalata. WHO inayesa zofanana ku Brazil, India, Sri Lanka, Iran ndi China pa anthu 1,867 amene anayesapo kudzipha. Ena anapatsidwa ola limodzi la uphungu, kenako n'kumayenderedwa kapena kuimbiridwa foni kwa miyezi 18. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2008 zinasonyeza kuti odzipha anali 0.2 peresenti m'gululi, pamene m'gulu linalo anali 2.2 peresenti.

Thandizo limeneli silifuna makina kapena mankhwala odula. Likufuna kaundula wa mayina, mayunitsi a foni, ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi amene angapalase njinga kukaona munthu amene sanabwere pa tsiku lake. Wodwala TB kapena womwa ma ARV akajomba timamutsatira mpaka kumudzi. Amene anatsala pang'ono kufa ndi dzanja lake lomwe ayeneranso kutsatiridwa chimodzimodzi.

Kodi maphunzirowa amagwiradi ntchito?

Amagwira, koma amasuluka. Pa chilumba cha Gotland ku Sweden, madokotala wamba anaphunzitsidwa za matenda okhumudwa mu 1983 ndi 1984. Chiwerengero cha odzipha chinatsika, makamaka pakati pa amayi. Patapita zaka zochepa chinabwerera pamene chinali, ndipo Wolfgang Rutz ndi anzake amene anachita ntchitoyi anati maphunziro otere ayenera kumabwerezedwa.

Phunziro lake likutikhudza. Tinazolowera maphunziro a masiku awiri kuhotela: zithunzi pakhoma, chakudya chamasana, alawansi, satifiketi. Munthu akhoza kukhoza mayeso onse a papepala, koma lilime n'kumuuma akakumana ndi mayi amene akuti akufuna kufa. Maphunziro enieni amafuna kuyeserera. Ophunzira amakhala awiriawiri, wina wodwala wina namwino, n'kufunsana funso lija mokweza, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, mpaka litasiya kulemera pakamwa. Mphunzitsi amaonerera n'kukonza: apa mwathamanga, apa mwayamba kulalikira, apa munayang'ana m'kabuku pamene iye amalira. Pambuyo pake payenera kukhala woyang'anira amene amafika pachipatalapo nthawi ndi nthawi, kukambirana za odwala enieni, ndiponso nambala yoti namwino wakumudzi aimbe akathedwa nzeru.

Maziko tili nawo. Kamuzu University of Health Sciences ndi koleji ya Saint John of God ku Mzuzu amaphunzitsa akatswiri a thanzi la maganizo, ndipo maphunziro a mhGAP anachitikapo kwa azachipatala a m'boma la Mulanje. Koma madokotala akuluakulu a matenda a maganizo m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, ndiye ntchito singadikire iwo. Ku Harare, Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006, pophunzitsa agogo aakazi kupereka uphungu atakhala pabenchi panja pa chipatala, ndipo kafukufuku wa mu 2016 anatsimikiza kuti odwala awo ankapeza bwino. Ngati agogo anaphunzira, namwino ndi mlangizi wa zaumoyo sangalephere.

Bwanji za chinsinsi, abale, mpingo ndi apolisi?

Wachipatala amasunga chinsinsi cha wodwala, koma salonjeza kubisa nkhani yoti moyo uli pangozi. Amanena poyera: "Izi sindingazisunge ndekha. Tiyeni tisankhe limodzi munthu woti timuuze." Kusankha limodziko n'kofunika, chifukwa nthawi zina mwamuna kapena malume amene tingathamangire kumuitana ndi yemweyo amene akumuzunza.

Abusa, mashehe ndi asing'anga ndi amene anthu ambiri amayamba kuwaona. Wachipatala wanzeru salimbana ndi chikhulupiriro cha wodwala. Akamva kuti abale akuti walodzedwa kapena ali ndi ziwanda, amati mapemphero apitirire, koma mankhwala amwedwe ndipo tsiku lobwerera kuchipatala lisaphonyedwe.

Kwa zaka zambiri gawo 229 la malamulo a milandu, amene tinatengera kwa atsamunda, lakhala likunena kuti kuyesa kudzipha ndi mlandu, ndipo mantha a apolisi amachititsa mabanja kubisa kapena kuchedwa kupita kuchipatala. Dziko la Ghana linachotsa lamulo lotere mu 2023, ndipo khoti lalikulu la ku Kenya linagamula mu January 2025 kuti n'losemphana ndi malamulo oyendetsera dzikolo. Munthu wofika pamenepa ndi wodwala, ndipo malo ake ndi kuchipatala.

Nanga wachipatala amene wodwala wake wadzipha?

Zimachitika ngakhale kwa amene anachita zonse bwino. Ambiri amadziimba mlandu, amasowa tulo, ena amayamba kuopa odwala otere n'kumangowatumiza kwina. Maphunziro abwino amawakonzekeretsa zimenezi pasadakhale, ndipo chipatala chiyenera kukhala pansi n'kuunika zimene zinachitika popanda kusaka woti amuloze chala. Banja la malemu nalonso lisaiwalidwe, chifukwa ofedwa mwa njira imeneyi amakhalanso pachiopsezo, ndipo nthawi zambiri amalira okha anthu akuwanong'ona.

Ine si wachipatala. Ndingachitepo chiyani?

Zambiri mwa zimene zanenedwazi mungazichite. Ngati m'bale wanu, mnzanu wa kuntchito kapena wa kumpingo wasintha ndipo akulankhula mawu otsanzika, mutengereni pambali n'kumufunsa mosazungulira. Mumvetsereni osamudzudzula, osamuopseza ndi gehena. Chotsani mankhwala ndi zinthu zoopsa pakhomo, musamusiye yekha, ndipo mumuperekeze kuchipatala. Mukafika, nenani zoona zake kwa adokotala, musangoti akudwala mutu, ndipo pemphani kuonana ndi namwino wa matenda a maganizo.

Ngati amene akuganiza zodzipha ndinu, uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira lero lomwe, mumupatse akusungireni chilichonse chimene mumaganiza zogwiritsa ntchito, ndipo mupite naye kuchipatala chimene muli nacho pafupi, ngakhale ndi usiku.